Kompyuta ya salaula isagulitsidwe sikirini yake isanakonzedwe

M'timashopu tosindikiza makalata pafupi ndi msika wa Matero si zachilendo kupeza sikirini yomwe nkhope ya munthu imaoneka yofufuma ngati chitumbuwa, zilembo zili mbuu ngati pepala lanyowa. Mwini shopu amangoti makinawo ndi okalamba. Nthawi zambiri makinawo amakhala alibe mlandu. Sikirini yafulati iliyonse ili ndi chiwerengero chake cha timadontho towala chomwe sichisintha, mwachitsanzo 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Munthu akaika Windows mwachangu osaikamo driver yoyendetsa zithunzi, kompyuta imadalira Microsoft Basic Display Adapter, ndipo kawirikawiri imatumiza chithunzi cha 1024 ndi 768. Timadontho 786,432 timakokedwa kuti tidzaze malo a timadontho 2,073,600, chithunzi chopangidwira sikirini yakale n'kutambasulidwa pa sikirini yotakata. Pena wolakwa amakhala chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija chomwe IBM inatulutsa mu 1987: kamsomali kamodzi kakapindika, kompyuta imatha kulephera kumva kukula kwa sikirini yomwe yalumikizidwa.

Ndiye ine ndikuti udindo wokonza izi ndi wa wogulitsa ndi woika mapulogalamu. Amene amavutika ndi mayi wodzaza fomu ya TPIN ya ZRA batani lotumizira litabisala pansi, ndi mwana wasukulu amene amafinya maso tsiku lonse n'kupita kunyumba mutu ukuwawa. Anthu otere sadziwa kuti pali chofunsa, amaganiza kuti kompyuta ndi mmene imakhalira.

Ena amati amatsitsa dala manambala a timadonthowo kuti achikulire aone zilembo zazikulu. Chifundo chawo n'chomveka, koma njirayo imakulitsa zilembo n'kuziphimbanso ndi nkhungu. Pa tsamba la Display settings la Windows pali Scale, pomwe munthu angasankhe 125 kapena 150 peresenti, zilembo n'kukula zili zakuthwabe. Enanso amati iyi ndi nkhani yochepa m'komboni momwe magetsi amathima maola ambiri ndipo ana amathithikana pa kompyuta imodzi. Kusowa kwa makina ndi vuto lenileni. Mu 2015 ana a Giredi 9 m'sukulu zina analemba mayeso a Computer Studies mpaka usiku chifukwa chodikirana. Komatu pamene ana anayi agawana sikirini imodzi m'pamene imafunika kuoneka bwino kwambiri, pakuti wokhala kumapeto kwa benchi amaiona cham'mbali. Kugula makina ena kumafuna ndalama zomwe sukulu ilibe, pomwe kukonza sikirini kumangofuna driver yoyenera ndi mphindi zochepa.

Wogula asatulutse kwacha asanauze wogulitsa kuti atsegule Display settings pamaso pake. Ngati pafupi ndi manambalawo palibe mawu akuti Recommended, kapena chinthu chozungulira chikuoneka ngati dzira, ntchitoyo sinathe, ndipo wogulitsayo aimalize kompyuta isananyamulidwe.