Boti lakale limasungika likamayenda pamadzi

Mwezi wa Ogasiti ukangoyamba, tauni yaing'ono ya Clayton m'chigawo cha New York ku America imadzaza ndi alendo. Tauniyi ili m'mbali mwa mtsinje wa St. Lawrence, pamalire ndi dziko la Canada, m'dera la zilumba zambirimbiri lotchedwa Thousand Islands. Chimene chimakokera anthu kumeneko ndi chionetsero cha maboti akale amatabwa chomwe chinayamba mu 1965 ndipo masiku ano chimachitikira pa Antique Boat Museum. Padoko pamandandalikana maboti onyezimira ndi vanishi, ena opangidwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe. Eni ake amaliza injini, kukweza alendo ndi kuwazunguza pamtsinje.

Ambiri mwa eni mabotiwa ndi mamembala a bungwe la Antique and Classic Boat Society, lomwe linabadwira ku Lake George mu 1975 ndipo likulu lake lili ku Clayton komweko. Mphamvu ya bungweli ili m'nthambi zake zam'madera, zopitirira 50 ku America ndi ku Canada. Nthambi iliyonse ndi kalabu ya anthu a dera limodzi. Amakumana m'magalaja ndi m'mashedi, kubwerekana zida, kuuzana komwe kukupezeka matabwa abwino, ndipo nyengo yachisanu ikatha amatsitsira maboti pamadzi limodzi. Makalabu oterewa ndiwo apulumutsa maboti akale ambiri, ndipo njira yawo ndi yoyenera kuiganizira bwino kulikonse komwe kuli nyanja ndi mbiri ya zombo.

Nkhani yonse yagona pa matabwa. Kampani ya Chris-Craft, yomwe anayambitsa Christopher Columbus Smith ndi ana ake ku Algonac m'chigawo cha Michigan, inkapanga maboti a mahogany ochuluka zedi, pamodzi ndi makampani ena monga Gar Wood ndi Hacker-Craft. Kenaka kunabwera fiberglass, yosavuta kuumba ndiponso yosawola. Pofika 1971, Chris-Craft inali itapanga boti lake lomaliza la mahogany. Maboti amatabwa anasanduka katundu wopanda msika. Ena anawolera kuseri kwa nyumba, ena anatenthedwa. Bungwe lija linayamba patangopita zaka zinayi, pamene anthu ochepa anazindikira kuti luso la amisiri linali kutha pamodzi ndi mabotiwo.

Kukonza boti lotere ndi ntchito yofuna mtima wautali. Pansi pa maboti ambiri a nthawiyo pankakhomedwa matabwa mizere iwiri, pakati pake n'kuyalapo chinsalu chokhuthala chopakidwa mankhwala otseka madzi. Boti likakhala pamtunda miyezi ingapo, matabwa amauma n'kusiya mipata. Polibwezera pamadzi, mwini wake ankayamba walinyika kuti matabwa afufume n'kutsekana, apo ayi madzi ankalowa. Kufufuma ndi kuuma kwa chaka ndi chaka kumamasula masikuluwu ndi kung'amba nthiti za boti, ndipo chinyezi chikabisala m'kona, kuwola kumayamba mosaoneka. Wokonza amatembenuza boti chadodolido, kuchotsa thabwa limodzilimodzi, kulemba nambala pa lililonse, ndi kusema latsopano lofanana ndi lakale pomwe lawoleratu. Ambiri masiku ano amamata pansi ndi guluu wa 3M 5200 kuti boti lisamafunenso kunyikidwa. Pamwamba amapaka vanishi kambirimbiri, kudikira kuti aume, kupala ndi sandipepala, n'kupakanso. Pa mitengo yomwe okonza amagwiritsa ntchito pali mahogany wa ku Africa wa mtundu wa Khaya, banja limodzi ndi mbawa yathu.

Apa ndi pomwe kalabu imaonekera phindu lake. Buku likhoza kufotokoza kuti thabwa limapindika likafewetsedwa ndi nthunzi, koma nthawi yoti lichotsedwe m'bokosi la nthunzi amaidziwa ndi munthu amene wathyolapo matabwa angapo. Mkulu wotero akaima pambali pa wophunzira Loweruka m'mawa, luso limasamuka kuchoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake. Bungweli limaperekanso thandizo la fizi kwa achinyamata ophunzira kupanga maboti amatabwa m'sukulu za ntchito zamanja.

Mamembala amakangananso, ndipo mkangano wawo ndi wothandiza. Funso n'lakuti: boti lomwe matabwa ake onse asinthidwa likadali lija lakale? Pofuna kuweruza mwachilungamo, bungweli limasiyanitsa maboti osungidwa ndi okonzedwanso. Kuti boti litchedwe losungidwa, 60 peresenti ya matabwa oyambirira apamwamba ndi am'mbali iyenera kukhalapobe. Limagawanso maboti potengera zaka: opangidwa mpaka 1918 ali gulu lawo, a 1919 mpaka 1942 gulu lina, a 1943 mpaka 1975 linanso. Malamulo ngati awa amakakamiza mwini boti kufufuza mbiri, kufunafuna zithunzi zakale ndi kaundula wa fakitale, asanakhome msomali. Mbiri imalembedwa motero ndi anthu wamba amene sanaganizepo zoti angakhale olemba mbiri.

Pali chidandaulo choti zonsezi ndi masewera a anthu olemera, ndipo sichochitaya. Boti la Thunderbird la ku Lake Tahoe, lomwe John Hacker anajambulira mpondamatiki George Whittell mu 1939, silingasamalidwe ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Chimodzimodzi Riva Aquarama, boti la ku Italy lomwe linayamba kupangidwa mu 1962 ku Sarnico m'mbali mwa nyanja ya Iseo. Mtengo wake umaposa wa nyumba zambiri. Koma pazionetsero zomwezo pamakhalanso timaboti topalasa ndi nkhafi, monga St. Lawrence skiff yomwe otsogolera alendo okawedza ankagwiritsa ntchito, ndi timaboti ta kainjini kakumbuyo tomwe banja linalandira kwa agogo. Kulowa kalabu sikulira kukhala ndi boti. Wina amabweretsa luso la injini, wina losoka mipando, wina amangothandiza kunyamula.

Maiko ena aona zomwezo. Ku England, boti loyendera nthunzi lotchedwa Dolly, lopangidwa cha m'ma 1850, linamira m'nyanja ya Ullswater mu 1895 ndipo linavuulidwa mu 1962 anthu okonda kusambira pansi pamadzi atalipeza. Lero likusungidwa ku Windermere Jetty. Ku Peru, sitima ya Yavari inapangidwa ku England mu 1862, zidutswa zake n'kunyamulidwa ndi nyulu kukwera mapiri a Andes mpaka kunyanja ya Titicaca. Itasiyidwa kuti idye dzimbiri, mayi wina wa ku Britain, Meriel Larken, anaigula mu 1987 n'kusonkhanitsa anthu oti aikonze, ntchito yomwe inatenga zaka zambiri.

Wowerenga wa kuno angakumbukire Chauncy Maples. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inabwera m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi mu 1901 ngati chombo cha mishoni ya UMCA. Dzina lake ndi la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Zaka zapitazi kunali dongosolo loikonza kuti ikhale chipatala choyenda pamadzi, ndalama zinasonkhedwa ku Britain, ntchito inayambika ku Monkey Bay, koma sinafike pomwe anthu ankayembekezera. Ilala, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba ntchito mu 1951, ikadali moyo chifukwa imayenda, ndipo pali amisiri amene amaidziwa mkati ndi kunja. Ku Mangochi kuli Lake Malawi Museum, ndipo m'tauni yomweyo muli mfuti ya sitima ya Guendolen, ija inathira nkhondo sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Vipya itamira mu 1946. Mbiri ilipo yochuluka. Chosowa ndi gulu la anthu odzipereka lomwe limakumana mwezi ndi mwezi pa nkhani ya zombo, ngakhale thandizo lakunja litaima.

Gulu lotero lisayambe ndi sitima yachitsulo. Liyambe ndi zomwe manja angakwanitse: boti limodzi lamatabwa la asodzi a chilimira, kapena bwato wosema. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa, ndipo asemi odziwa kusankha thunthu ndi kulilinganiza kuti lisapendekeke pamafunde akukalamba. Amisiri opuma pantchito ku Monkey Bay, akalipentala okhoma maboti ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma, aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja ndi eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ali ndi zonse zoyambira: luso, malo ogwirira ntchito ndi anthu obwera kudzaona. Akumane, asankhe boti loyamba, alembe mbiri yake kuchokera kwa eni ake akadali moyo, alikonze, ndipo tsiku lolitsitsira pamadzi aitane ana asukulu adzakwere.