Kamawu kamene kamatayika nkhani isanafike ku Matero

Tsegulani Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail tsiku lililonse, nkhani ya kupolisi kapena ya kukhoti simungaimalize musanakumane ndi mawu a Chingerezi akuti "alleged". Tanthauzo lake si lovuta. Pali wina amene wanena kuti uje wachita choipa, koma umboni wake sunayesedwe. Mtolankhani akalemba mawuwa akukuuzani kuti iye sanaone ndi maso, wangomva, ndipo khoti silinagamule. Muzu wake uli m'malamulo aakulu a dziko la Zambia, pa Article 18, pamene pakunena kuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena atavomera yekha.

Vuto limayamba nkhani ija ikatsika minibasi pa msika wa Matero. Pamenepo "alleged" amasanduka "akuti", kapena "ati" m'kalankhulidwe ka mu Lusaka, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Ine ndikuti ayi. Nkhani yolembedwa bwino imatchula mwini mawu: apolisi akuti, wodandaula akuti, mboni ikuti. Koma "akuti" wa pakantemba alibe mwini. Angakhale munthu mmodzi wolemekezeka, angakhale khamu, angakhalenso palibe aliyense. Wonena amasamba nawo m'manja, womva amawatenga ngati umboni wa anthu ambiri. Choipa kwambiri n'chakuti kamawuka sikakhalitsa. Woyamba anena kuti "akuti wagwidwa ndi ziwalo za anthu", wachiwiri achotsa "akuti", wachitatu walumbira kale kuti mlamu wake anaona yekha.

Anthu a ku Matero, George ndi Zingalume safunika kuphunzitsidwa mathero a zimenezi. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo 2016 munapezeka mitembo ya anthu angapo m'madera amenewa, ina itachotsedwa makutu, mitima ndi ziwalo zobisika. Mantha anali oona, maliro anali oona. Kenaka panabuka mphekesera yakuti eni timashopu ochokera ku Rwanda ndiwo akupha anthu kuti malonda awayendere, ndiponso kuti ziwalo zapezeka m'furiji ya mmodzi wa iwo. Pa 18 Epulo chipolowe chinayamba. Mashopu oposa 60 anathyoledwa, anthu oposa 250 anamangidwa, mabanja a othawa kwawo anakabisala pa tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Boma linanena pambuyo pake kuti awiriwo anali nzika za Zambia. Mwezi wa Meyi apolisi anagwira anthu anayi pa mlandu wa kuphana kuja: asilikali awiri, wogwira ntchito wamba wa ku Zambia Air Force ndi sing'anga. Panalibe wa ku Rwanda. Ndipo ngakhale anayiwo, pa tsiku limene anagwidwa, anali ongoganiziridwa chabe. Zaka zinayi zisanathe, mu 2020, nkhani ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku inachoka ku Chingola n'kufika ku Lusaka, ndipo anthu oposa 40 m'dziko lonse anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ambiri popanda wowafunsa ngakhale dzina.

Pali amene amati mawu a "alleged" ndi chishango cha manyuzipepala, choti asasumiridwe mlandu woipitsa mbiri, ndipo amateteza mabwana akuba ndalama za boma koposa mnyamata wa ku Lilanda. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Mtolankhani waulesi amalemba "it is alleged that" osatchula wanena, n'kutsanulira pansi pake chilichonse chimene wamva. Kuteroko n'kuvala jekete pamwamba pa "akuti" wa pamsika yemwe uja. Koma mankhwala ake si kutaya mawuwo. Mankhwala ake ndi kukakamiza wolemba kutchula mwini nkhani. Ndipo tisaiwale kuti bwana ali ndi loya ndi mpanda wa njerwa. Amene moyo wake umadalira kamawuka ndi mlendo, wosauka, wodwala misala amene wasochera usiku mu komboni yosamudziwa.

Ena amati anthu anatopa ndi apolisi. Wakuba wagwidwa Lolemba, Lachitatu mukumuona akumwa pa bala. Kukwiyako n'komveka, ndipo apolisi ali ndi ngongole yofotokozera anthu kuti kutuluka pa bondi kapena pa belo sikutanthauza kuti mlandu watha, koma kuti munthuyo akaonekera kukhoti akuchokera kunyumba. Komabe kuchedwa kwa apolisi sikusandutsa mphekesera kukhala umboni. Amene anathyola mashopu mu 2016 sanagwire wakupha ngakhale mmodzi. Anangotenga shuga, saladi ndi matumba a ufa, n'kupatsa apolisi ntchito yothamangitsa akuba m'malo mofufuza za mitembo.

Udindo waukulu ndikuuika pa owerenga nkhani m'Chinyanja, a pa ZNBC Radio 1, Komboni Radio ndi mawailesi ena, pakuti ndi m'kamwa mwawo momwe Chingerezi cha lipoti la apolisi chimasandukira chilankhulo cha m'nyumba zathu. Musamangoti "akuti waba". Nenani kuti apolisi a ku Matero akumuganizira kuti waba, wodandaula ndi mwini shopu, ndipo mlandu sunalowe m'khoti. Chiganizocho n'chachitali, koma chimangodya masekondi asanu a pulogalamu yanu.