Oyilo wodutsa mzere sachiza lole yakale

M'magalaja a pansi pa mtengo komanso m'magulu a WhatsApp a madalaivala mwafala nkhani yoti lole ikakalamba, oyilo azithiridwa mpaka kupitirira mzere wapamwamba wa kachitsulo koyezera, ati poti injini yakale imamwa ndiye muziisiyira wa pa ulendo. Ena akuti musakanizemo ndi oyilo wa giya kuti utsi uleke. Limeneli ndi bodza, ndipo likunoketsa mainjini a anthu amene malole awo anagula pa ngongole.

Mzere uja sanaulembe pofuna kukongoletsa. Pamwamba pa sampu pamazungulira crankshaft, maulendo oposa 2,000 pa mphindi lole ikamalimbana ndi chitunda. Oyilo akakwera mpaka kukhudzana nayo, imamupuntha n'kumusandutsa thovu. Pampu imakoka thovulo, ndipo mabeyaring'i amalandira mpweya m'malo mwa oyilo. Injini imapsa ili yodzaza. Oyilo wina amatulukira pa siilo yakumbuyo n'kunyowetsa klatchi.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri n'china. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto. Chilichonse cha mafuta chimene chalowa pamodzi ndi mpweya chimayaka chikapanikizidwa. Pa mainjini amene paipi yopumira imabwerera kolowera mpweya, kapena amene turbo yake yatha, oyilo wosefukira amakokedwa kulowa m'masilinda, injini n'kuyamba kudya oyilo wake womwe. Imalira mopitirira malire, utsi n'kuphimba msewu. Muzimitse kiyi, siimva, chifukwa simukudula chimene ikudya. Imaima pokhapokha mutseke mpweya, muikakamize pa giya yaikulu mutaponda mabuleki, kapena iphulike. Ndipo injini ya maring'i akutha ndi imene imakankhira oyilo wambiri m'paipi ija. Malangizo a pa WhatsApp aja ndi oopsa kwambiri pa lole yakale yomweyo imene akuti akuithandiza. Taganizirani zikuchitikira pa Chiweta kapena potsetsereka ku Chikwawa, pamwamba pa matumba a chimanga patakhala amayi ndi ana.

Palinso akatswiri a pasiteji amene amatchula malita omwewo a oyilo pa lole iliyonse, ngati kuti Canter ndi Fighter n'chimodzi poti zonse ndi za Mitsubishi. Injini ya 4D34 ili ndi masilinda anayi, kukula kwake malita 3.9, ya 6D16 ili ndi asanu ndi limodzi, malita 7.5. Chimodzimodzinso 4BD1 ndi 6BD1 za Isuzu. Ngakhale injini ya dzina limodzi imatha kukhala ndi sampu yosiyana malinga ndi galimoto imene inaikidwamo. Malole ena kuno anasinthidwa injini, ndipo kachitsulo koyezera kaja nthawi zina n'kotola pa injini ina. Kotero kamanama. Mwini lole afunse zimenezi asanafunse mtengo wa oyilo.

Za oyilo wa giya sitichedwapo. Nambala 90 ya pa chigubu chake imawerengedwa pa muyezo wina. Kulimba kwake sikusiyana kwenikweni ndi oyilo wa injini wa 40 kapena 50. Alibe mankhwala onyamula mwaye wa dizilo, ndipo sulufule amene ali mu oyilo wambiri wa giya amadya mkuwa wa m'mabeyaring'i akatentha. Pa chigubu cha oyilo wa injini yang'anani chilembo C, monga CH-4 kapena CI-4. 15W-40 amakwanira malole ambiri otere. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, musiyeni komweko.

Zimatidabwitsa kuti munthu amene salola kuberedwa ngakhale thumba limodzi pa katundu wake amakhulupirira uthenga wa pafoni wosadziwika mwini wake. Kuyeza sikulira ndalama: lole iime pamalo osapendama, injini izime kwa mphindi zingapo, pukutani kachitsulo, muviikenso. Mukasintha oyilo, lizani injini pang'ono kuti fyuluta idzaze, kenako muyezenso. Oyilo akamakwera yekha musanathire, musakondwere. Mwalowa dizilo kapena madzi.

Ngati lole ikumwadi, ikani chigubu kuseri kwa mpando, muziwonjezera pang'onopang'ono mukaima, uku mukusunga ndalama ya maring'i.