Apollo Sanafe Imfa ya Mulungu

Pali bodza limene anthu ophunzira amakonda kulibwereza: ati nyumba zoonetsera kanema, monga Apollo mumzinda wa Blantyre, zidafa imfa ya Mulungu chifukwa cha kubwera kwa vidiyo, wailesi yakanema ndi mafoni. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Vidiyo idafikanso ku Lusaka, ku Nairobi ndi ku Johannesburg, koma kumeneko anthu akugulabe matikiti mpaka lero. Ife kuno tidangolekerera.

Amene tidalowako tikukumbuka mzere wautali pakhomo, fungo la mtedza wokazinga, ndi mfuu ya holo yonse Bruce Lee akavula malaya. Kalaliki, wogulitsa m'sitolo ndi mwana wasukulu ankaseka nthawi imodzi. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la Censorship Board lumo lakuthwa, ndipo filimu inkatha kulumpha pakati, mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo. Ngakhale zinali choncho, anthu ankapitabe. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999, koma kodi ndi mabanja angati amene adakwanitsa kugula TV nthawi imeneyo?

Amene akuti Amalawi sakonda kanema akayende ku Ndirande kapena ku Bangwe. Akapeza ana atapanikizana m'tizisakasa ta vidiyo, atakhala pa mabenchi, akumvetsera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Njala ilipo, koma tikuidyetsa m'malo amdima, opanda mawindo, mmene palibe wofunsa msinkhu wa mwana.

Chopweteka kwambiri n'chakuti tsopano tili ndi mafilimu athuathu. Joyce Mhango Chavula adapata mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Shemu Joyah adapatanso mphotoyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Nkhani ya William Kamkwamba idajambulidwa konkuno n'kutuluka pa Netflix mu 2019. Nanga mayi wa ku Wimbe, kwawo kwa mnyamatayo, akaionere kuti? Alendo akutiombera m'manja, eni akefe tikungomva mphekesera.

Ena ati dziko losowa mankhwala m'zipatala lisataye nthawi ndi zisangalalo. Koma palibe akupempha ndalama za mankhwala. Tikupempha kuti makhonsolo, pogawa malo, asamangoona mashopu, mabala ndi malo omwetsera mafuta. Maholo a makhonsolo alipo kale. Chikuvuta n'chiyani kuwabwereketsa motchipa Loweruka lililonse kwa achinyamata oonetsa mafilimu a kuno? Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti pepala lotere limasainidwa tsiku limodzi ngati bwana walifuna.

Alembi anzanga, nkhani imeneyi ndi yathunso, pakuti filimu imayamba ndi cholembera. Tikakhala chete, nthano zathu zizingothera m'madirowa. Mwana wosalira adafera m'ngozo.