Giyabokosi ya pachithunzi siyendetsa minibasi

Minibasi ikaima, nyumba zitatu zimagona ndi njala: ya mwini galimoto, ya dalaivala ndi ya kondakitala. N'chifukwa chake munthu amene injini yake yanoka kapena giyabokosi yafa sakhala ndi mtima wodikira, ndipo mbava zikudziwa bwino zimenezi. Akazungulira kwa Malangalanga ku Lilongwe kapena mu Limbe n'kulephera kupeza chomwe akufuna, amathamangira pafoni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza anthu ogulitsa masipeya ku Johannesburg, ku Dar es Salaam, ku Sharjah ndi ku Japan. Ambiri ndi amalonda enieni. Ena alibe ngakhale bawuti imodzi, ali ndi chithunzi chomwe anakopera kwa eni ake.

Ine ndikuti, a Malawi anzanga, musanafunse mtengo yambani mwafunsa kuti: katundu akapanda kufika, ndalama yangayi ndikaitenga kwa yani? Ngati yankho palibe, musalipire.

Njira zotumizira ndalama si zofanana. Western Union, Mukuru, Airtel Money ndi Mpamba ndi njira zabwino potumizira mayi anu kumudzi, munthu womudziwa. Koma wolandirayo akangotapa ndalamayo, nkhani yatha. Ngakhale TT ya kubanki ikalowa mu akaunti ya kunja, kuibweza kumadalira chifundo cha amene wailandira. Khadi ya Visa kapena Mastercard ndiyo ili ndi khomo lodandaulira: katundu akapanda kubwera mutha kupempha banki yanu kuti ikatenge ndalamayo kwa wogulitsa, malinga musachedwe. Amene muli ndi abale ku Britain kapena ku Joni okulipirirani pa PayPal, auzeni asankhe Goods and Services, pomwe wogula ali ndi masiku 180 odandaula ngati katundu sanafike. Wogulitsa akaumirira kuti mulipire pa Friends and Family ati pofuna kupewa kamtengo kapamwamba, dziwani kuti akukuvulani chitetezo chonse. Kamtengo kameneko n'kochepa poyerekeza ndi injini yathunthu.

Pali chinyengo china chomwe chimakola ngakhale anthu ophunzira. Mukukambirana ndi kampani yeniyeni ya ku Japan, kenako mwalandira kalata ya pa intaneti yoti akaunti yathu yasintha, tumizani ku iyi. Mukayang'anitsitsa, akauntiyo ili m'dzina la munthu, m'dziko lina. Kodi kampani ya ku Yokohama ingasungirenji ndalama zake m'dzina la munthu wa kwina? Imbani foni pa nambala yomwe munali nayo kale, osati ya m'kalatayo.

Komanso si onse okupwetekani amene ali akuba. Wina amatumizadi giyabokosi, koma ya galimoto ina. Toyota Hiace ili ndi mitundu yambiri, Sienta chimodzimodzi. Tumizani nambala ya chasisi, ndipo makaniko wanu aone nambala ya pachitsulocho pavidiyo, wogulitsayo atagwira pepala lolembapo dzina lanu ndi tsiku la lero. Wamalonda woona sakwiya nazo zimenezi. Wokwiya, kapena wokuuzani kuti pali wina akufuna kulipira madzulo ano, musiyeni agulitse kwa winayo.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yakale ija, maso a munthu. Ku Johannesburg kuli a Malawi ochuluka, ndipo madalaivala athu a matiraki amafika ku Dar es Salaam sabata ndi sabata. Mulipireni m'bale kapena dalaivala wodalirika akachione chitsulocho, akachigwire, ndalama yaikulu ituluke katunduyo ali m'manja mwake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lisiti musaiwale, poti a MRA pa Songwe kapena pa Mwanza adzalifuna.

Koma tisamangodzudzula wobedwayo ngati kuti ndi wopusa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'zaka zimenezi mwini minibasi wopita kubanki kukapempha madola ankauzidwa kuti adikire pamzere, ndipo makhadi ankaloledwa kulipira ndalama yochepa kunja. Kodi munthu amene galimoto yake ili pamiyala angadikire miyezi? Amapita kwa osintha ndalama amumsewu, n'kupereka makwacha kwa munthu amene akuti mnzake akapereka marandi kutsidyako. Pamenepo palibe lisiti, palibe mboni, ndipo akabedwa amaopa ngakhale kupita kupolisi.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lilipo kuyambira 2016, bungwe la CFTC liliponso, koma dzanja lawo limathera pamalire. Choncho pempho langa likupita ku Reserve Bank ndi mabanki athu. Masipeya a minibasi ndi malole si katundu wa manyado, apatsidwe gawo lake la madola. Ndipo mabanki atsegule njira yoti wogula wamng'ono asungitse ndalama kwa iwo, iperekedwe kwa wogulitsa pokhapokha mapepala otumizira katundu ataoneka. Makampani akuluakulu amachita zimenezi kudzera mu letter of credit. Mwini minibasi imodzi wa ku Ndirande nayenso ali ndi akaunti m'mabanki omwewo.