Nkhani ndi yathu, kamera ndi ya eni



Funsani mwana aliyense pano pa Mzimba Boma kuti Rambo ndi ndani, ngakhale wa Sitandade 3 akuyankhani asanameze malovu. Wamuonera ku vidiyo sho ya pamsika, wamuonera m'foni ya achimwene ake, m'mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja timaikitsa kwa anyamata obena nyimbo. Mukatero mufunseni kuti Shemu Joyah ndi ndani. Angokuyang'anani kukamwa kuli yasa. M'mwezi uno wa Ramadhan, ana akakhuta futari, komanso usiku pamene ena akudikira daku, mafoni sapuma. Makolo ena amalanda foniyo, ena amangotaya manja. Ife maganizo athu ndi awa: tiwadziwe bwino anthu amene ana athu amawaonerawa, tione mmene anayambira ndi zimene anakana, kenako tilere ana amene adzatha kufotokoza okha nkhani za kwathu kuno. Tikapanda kutero, ena adzatifotokozera.

Tiyambe ndi Rambo yemweyo. Dzina lake lenileni ndi Sylvester Stallone, anabadwa mu 1946 ku New York. Ana athu amadziwa minofu ndi mfuti, koma chimene chinamuchotsa pa umphawi munthuyu ndi cholembera. Atavutika zaka zambiri akupatsidwa tizigawo ting'onoting'ono, anakhala pansi n'kulemba yekha nkhani ya wankhonya wosauka, Rocky. Makampani anaikonda n'kufuna kuigula kuti asewere ndi munthu wina wotchuka kale. Iye anakana kugulitsa pokhapokha atasewera yekha. Filimuyo inatuluka mu 1976 ndipo inapata mphotho ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Rambo anabwera pambuyo, mu 1982. Mnyamata amene akuthawa phunziro la chimangirizo chifukwa akufuna kudzakhala sitelingi adziwe kuti sitelingi wakeyo anayamba ndi kulemba.

Wina ndi Chadwick Boseman, uja anasewera mfumu mu Black Panther mu 2018, filimu imene abale athu obwera ku Joni amamvamo Chixhosa. Anabadwa mu 1976, anamaliza digiri ya kutsogolera zisudzo pa Howard University mu 2000. Ali pasukulupo anasankhidwa kukachita maphunziro afupiafupi a zisudzo ku Oxford, ndipo amene anathandiza kulipira anali Denzel Washington, katswiri amene pa nthawiyo sankamudziwa n'komwe mnyamatayu. Boseman anaphunzitsa ana zisudzo ku Harlem, nayembekeza mpaka 2013 kuti apatsidwe gawo lalikulu loyamba. Mu 2016 anamupeza ndi khansa ya m'matumbo, koma anagwirabe ntchito osalengeza, mpaka anamwalira pa 28 August 2020 ali ndi zaka 43. Ana athu anaona chovala cha mfumu chokha. Zaka zophunzira, dzanja la wachifundo amene anamulipirira, ndi matenda amene anawapirira, sizioneka pa foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tibwere pakhomo pano. Mukadutsa Jenda pa msewu wa M1 mwalowa m'boma la Kasungu, ndipo kumeneko, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, ndi kumene William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, anakulira. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Sanakhale pakhomo kumangolira. Ankapita ku laibulale yaing'ono ya ku Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ndi zitsulo zotola, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugama anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 analemba buku la moyo wake pamodzi ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America.

Nkhaniyi inasanduka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu March 2019. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, amene anatchuka ndi filimu ya 12 Years a Slave ya mu 2013. Tiyenera kumuyamikira. Akanatha kukajambula ku South Africa kumene zipangizo zili zambiri, koma anabwera ku Kasungu komweko. Akanatha kuyankhulitsa aliyense Chingerezi, koma anaphunzira Chichewa n'kusewera yekha ngati bambo ake a William. Komabe taonani mndandanda wa osewera. William anali Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mfumu Wimbe anali Joseph Marcell wa ku Britain. Mmalawi amene ambiri tinamuzindikira pa zigawo zikuluzikulu anali Lily Banda, amene anasewera mlongo wake wa William. Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha m'filimumo chinkamveka chachilendo. Ndipo itakwana nthawi ya Oscar, filimu ya njala ya ku Kasungu, yoyankhula Chichewa, inatumizidwa kumpikisanoko m'dzina la dziko la Britain.

Sitikunena izi pofuna kunyoza mlendo amene anatichitira zabwino. Mwini kamera ndi ndalama ndiye amasankha nkhope, mawu ndi mbendera. Kudandaula pa Facebook kuti atiwonongera chiyankhulo sikusintha kanthu ngati ife eni tikuuza ana athu kuti zisudzo ndi ntchito ya anthu osalongosoka.

Alipo Amalawi amene sanadikire mlendo. Shemu Joyah ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo, koma anayamba kupanga mafilimu ali munthu wamkulu kale. Filimu yake ya Seasons of a Life inapatsa Tapiwa Gwaza mphotho ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya banja la msodzi wa kunyanja, ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inakhala filimu yoyamba kutumizidwa ku Oscar m'dzina la Malawi. Joyce Mhango Chavula anayambira pa zisudzo za pasiteji, ndipo filimu yake ya Lilongwe inapata mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ku Lagos mu 2016 ngati filimu yopambana ya kummwera kwa Africa. Anthuwa agwira ntchito m'dziko limene mulibe misika yeniyeni ya mafilimu, mmene filimu imakoperedwa pa memori khadi tsiku lomwe yatuluka, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Ife amene timaphunzitsa ana kuti kudya thukuta la mnzako n'kulakwa, tidzifunse kuti mafilimu a Amalawi anzathu timawapeza bwanji.

Tikudziwa funso limene lili m'mitima ya makolo ambiri: kodi Msilamu angalowe ntchito imeneyi chipembedzo chake n'kutsala chamoyo? Funsoli ndi loona, ndipo sitikulipeputsa. Mafilimu ambiri a ku Hollywood ali ndi zamaliseche, mowa ndi kuphana kosaneneka, ndipo moyo wa akatswiri ambiri ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Koma mbiri ya America yomweyo ili ndi anthu amene analowa pakati pa kutchuka atanyamula malire awo.

Moustapha Akkad anabadwira ku Aleppo, m'dziko la Syria, mu 1930, napita ku America kukaphunzira zopanga mafilimu pa yunivesite ya UCLA. Cholinga chake chinali choti anthu a kumayiko a azungu amve mbiri ya Chisilamu kuchokera kwa Msilamu. Zotsatira zake ndi The Message ya mu 1976, imene ambiri a ife tinaionera. Anaijambula kawiri, m'Chiarabu ndi m'Chingerezi, ndi magulu awiri a osewera. Anayambira ku Morocco, zinthu zitavuta anakamalizira ku Libya. Anthony Quinn anasewera Hamza (RA), ndipo Johnny Sekka, wobadwira ku Dakar, anasewera Bilal (RA). Vuto lalikulu linali ili: ungapange bwanji filimu ya Mtumiki Muhammad (SAW) osaonetsa nkhope yake kapena kumveketsa mawu ake? Akkad anafunsira kwa ma ulama a ku Al-Azhar, ndipo anapeza njira. Osewera akamayankhula ndi Mtumiki (SAW) amayang'ana kamera, yankho lake limabwerezedwa ndi munthu wina. Makhalifa anayi nawonso sanaonetsedwe. Malire amene ena ankayesa kuti apha filimuyo ndi amene anabala luso limene anthu amalikumbukira mpaka lero.

Tinene zoona zonse. Si ma ulama onse amene anagwirizana nayo, ndipo mayiko ena achisilamu anailetsa. Akkad yemweyo ndi amene anaika ndalama mu Halloween ya mu 1978 ndi zotsatira zake, mafilimu oopseza amene sitingauze mwana kuti aonere. Koma ndi yemweyonso anapanga Lion of the Desert mu 1981, mbiri ya Omar Mukhtar, mphunzitsi wa Qur'an amene analimbana ndi atsamunda a ku Italy ku Libya mpaka anamupachika mu 1931. Akkad anamwalira mu November 2005 atavulala ndi bomba limene zigawenga zinaphulitsa pa hotela ina ku Amman, ndipo mwana wake wamkazi Rima anafera pomwepo. Moyo wake tiuwerenge wonse, tisankhemo chotengera ndi chosiya.

Muhammad Ali sanali wa mafilimu, koma ndi mmodzi mwa anthu otchuka kwambiri amene America inabalapo. Pa 28 April 1967 anakana kulembedwa usilikali wopita ku nkhondo ya ku Vietnam chifukwa cha chikhulupiriro chake. Anamulanda lamba wa ukatswiri, ndipo anakhala zaka zitatu ndi theka osamenya nkhonya, pa msinkhu umene wankhonya amakhala pachimake. Khoti lalikulu la America linafafaniza chigamulo chomupeza wolakwa mu 1971, ndipo mu 1974 anatenganso lamba ku Kinshasa atagonjetsa George Foreman. Mu 2002 atapatsidwa nyenyezi pa msewu wa anthu otchuka wa ku Hollywood, pamene maina amalembedwa pansi poyenda anthu, iye anakana kuti dzina la Muhammad lizipondedwa. Nyenyezi yake inakhomedwa pakhoma. Eni mwambowo anasintha kachitidwe kawo chifukwa munthuyo anali atadziwika kale kuti akati ayi ndi ayi.

Nanga nkhani za kuno kwathu adzajambule ndani? Ulendo wa Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, timaukumbukira pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, koma filimu yake yaikulu m'Chitumbuka kapena m'Chingoni ili kuti? Palibe mudzi kuyambira ku Edingeni, Embangweni mpaka ku Jenda umene ulibe mwana ku Joni. Pali nyumba za malata zimene zamangidwa ndi ndalama za kumeneko, pali amayi amene akulera okha ana zaka zambiri, pali maliro amene amabwera pa ngolo ya galimoto kuchokera ku Johannesburg, pali anyamata amene amasiya Fomu 2 chifukwa mnzawo wabwera ndi foni yodula. Imeneyi ndi nkhani yaikulu ya boma lathu. Mlendo akadzaijambula adzaona umphawi wokha. Mwana wobadwira muno ndi amene akudziwa mmene agogo amayankhulira polandira katundu, ndi chimene mayi amabisa akamayankha foni.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Inu makolo, mwana akamaonera filimu khalani naye nthawi zina, mumufunse kuti walemba nkhaniyi ndani, akufuna tikhulupirire chiyani, ndipo wapindula ndani. Mwana wozolowera mafunso amenewa sanyengeka msanga. Ikani nthawi ya foni, makamaka mwezi uno, kuti filimu isadye nthawi ya Taraweeh ndi ya tulo. Mwana amene ali ndi luso losewera kapena lojambula musamutche wopanda pake. Muuzeni malire a kavalidwe, a mayankhulidwe ndi a nkhani zimene angasewere, kenako mumulimbikitse.

Inu ophunzira, musasiye sukulu chifukwa cha maloto a Hollywood. Boseman anali ndi digiri, Akkad anali ndi digiri, Joyah anali ndi ntchito yake m'manja, ndipo William atachotsedwa m'kalasi anathawira ku laibulale. Lowani kalabu ya zisudzo ya pasukulu panu. Werengani mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi. Foni imene mukuonera Rambo ili ndi kamera: pemphani chilolezo kwa agogo anu, muwajambule akufotokoza za ku migodi ya ku Joni kapena mmene mzikiti wa kwanu unamangidwira, asanapite nazo kumanda. Ndipo inu a makomiti a mizikiti ndi amalonda amene Allah wakudalitsani, pamene mukuwerengera sadaka za mwezi uno, kumbukirani zimene Denzel Washington anachita kwa wophunzira amene sankamudziwa. Mmera m'poyamba.

Allah atilandirire kusala kwathu, awateteze ana athu ku zoipa zimene maso amaona, ndipo awapatse luso limene lidzapindulire anthu. Ameen.