Gawo 83 linawapatsa mpando, nanga gawo 65?

Mayi Joyce Banda analowa ku nyumba ya boma chifukwa cha chiganizo chimodzi cha m'malamulo oyendetsera dziko. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, akuluakulu a DPP anabisa maliro, thupi n'kulitumiza ku South Africa ngati wodwala. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zinaonekera pa wailesi ya kanema ya MBC, a Patricia Kaliati akuwerenga chikalata chonena kuti mayiwa, amene anali wachiwiri wa pulezidenti, sangatenge mpando poti anayambitsa chipani chawo. Iwalani kuti ndi DPP yomweyo imene inawachotsa mu Disembala 2010. Gawo 83 silifunsa za chipani: pulezidenti akamwalira, wachiwiri wake ndiye amalumbira. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anakana kukhotetsa lamulolo, ndipo pa 7 Epulo mayiwa analumbira ku Lilongwe.

Pamenepo ndilibe nawo mlandu. Anali mwini wa mpandowo.

Mlandu wanga uli pa zimene zinatsatira. Sabata isanathe, anthu amene dzulo ankawanyoza pa msonkhano anavula buluu wa DPP n'kuvala olenji. People's Party, chipani cha mayiwa cha olenji chimene chinali chisanapikisanepo pa chisankho chachikulu, chinadzuka chili ndi aphungu ambirimbiri m'Nyumba ya Malamulo. Anavoteredwa ndi ndani? Gawo 65 limanena poyera kuti phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akalowa chipani china cha m'nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Khoti lalikulu la apilo linatsimikiza mu 2007 kuti gawoli n'lovomerezeka. Koma palibe amene anabwerera kumudzi kukapempha mavoti mwatsopano. Mayi amene anapulumutsidwa ndi malamulo analandira alendowa ndi manja awiri, ena n'kuwapatsa unduna.

Wina anena kuti sanayambe ndi iwo, ndipo akunena zoona. Bingu anachoka mu UDF mu 2005 n'kumanga DPP ndi aphungu obwereka, a Joyce Banda a ku Zomba Malosa ali m'gulumo, ndipo bajeti ya 2007 inakanirira miyezi chifukwa cha mkangano wa gawo lomweli. Chondiwawa n'chakuti munthu amene anaona ndi maso mmene chipani chomangidwa motere chimamwazikira mwini akangogwa, anamanganso chake chimodzimodzi.

Anthu obwera chifukwa cha mphika amachoka moto ukazima. Kwacha itagwetsedwa mu Meyi 2012 mafuta anabwerera m'mafilingi siteshoni, inde, koma mitengo ya zinthu inakwera, kenako mu Seputembala 2013 kunaphulika nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate. Pofika chisankho cha pa 20 Meyi 2014, ngakhale wachiwiri wawo, a Khumbo Kachali, anali atakalozera anthu kwa a Peter Mutharika. Mayiwa anatsirizira pa nambala yachitatu. Mavoti akuwerengedwa, analengeza kuti chisankho chafafanizidwa, chichitikenso pakatha masiku 90. Khoti linaimitsa chilengezocho tsiku lomwelo, chifukwa malamulo sapatsa pulezidenti mphamvu zotero. Buku lomwe linawakweza mu 2012 ndi lomwelo limene linawaletsa mu 2014.

Zotsatira mukuzidziwa: zaka pafupifupi zinayi kunja kwa dziko, kubwerera mu 2018, kusiya mpikisano mu 2019 kuti athandize a Lazarus Chakwera, kenako mgwirizano wa Tonse mu 2020. Aphungu a olenji aja ambiri anali atavala kale nsalu zina.

Gawo 64, lomwe linkalola ovota kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, aphungu analifafaniza okha mu 1995. Ine ndikufuna libwerere. Sipikala ndi munthu wa ndale, amayang'ana nkhope asanakhudze gawo 65. Anthu a kumudzi amene anaima pamzere kuvotera tambala kapena chimanga ndiwo ayenera kufunsa phungu wawo kuti mavoti awo wapita nawo kuti.